Msinkhu Unandipalamulitsa ku Indiana

Bodza langa linali la liwu limodzi lokha: "pang'ono". Ndinalinena sabata yanga yoyamba pa koleji ina yaing'ono m'chigawo cha Indiana, ku America, kumene ndimaphunzitsa masamu. Mkulu wa zamasewera anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu poti ndine wa mamita 1.96, n'kundifunsa ngati kwathu ku Malawi ndinasewerako basketball. Ndikanangoti ayi, bwenzi lero ndili mfulu. Koma mlendo amafuna kukondedwa. Ndinati, "Pang'ono."

Zoona zake n'zakuti mpira woponya mumkombero ndinayandikana nawo kamodzi, ndili Sitandade 6 ku Ntcheu, tsiku limene atsikana a ntchemberembaye anaperewera munthu pa zokonzekera, aphunzitsi n'kundiimika pansi pa mtengo wa chigoli kuti ndizingokweza manja. Ndinakweza manja kwa theka la ola. Ndiye "pang'ono" wakeyo.

Tsono ku Indiana bodza lotere salinena. Kuno basketball ndi mpingo. Pakhomo la garaja pali mkombero, pakhoma la khola la ng'ombe pali mkombero, kuseri kwa tchalitchi kulinso wina. Holo ya sukulu ya sekondale ku New Castle imalowa anthu oposa 8,000, m'tauni ya anthu osakwana 20,000. Nkhalamba zimasimba ngati zadzulo za sukulu ya Milan, ya ana 161 okha, imene mu 1954 inagonjetsa chimphona cha Muncie Central 32 kwa 30 n'kutenga chikho cha chigawo chonse. Nanga Bob Knight, kochi wa Indiana University amene timu yake ya 1976 inapambana masewero onse 32, yemwenso mu 1985 anaponya mpando m'bwalo akusewera ndi Purdue: anamuchotsa ntchito mu Sepitembala 2000, ophunzira n'kuguba mpaka kunyumba ya mkulu wa yunivesite kukamulirira, ndipo m'malo ometera tsitsi mlanduwo sunagamulidwebe mpaka lero. Kuchotsa kochi kuno ndi nkhani yothetsa chibale.

Bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji, limafuna kuti koleji iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi wa m'kalasi woimira anzake pa zamasewera. Amene anali pampandowo kwathu atapuma pa ntchito, pamsonkhano wa aphunzitsi maso onse anatembenukira kwa wamtali. Wina anati, "Si paja munasewerako kwanu?" Ndinamwetulira. Kumwetulirako analemba m'maminitsi kuti ndavomera.

Zaka ziwiri ntchitoyo inali yosainira mapepala ndi kudya makeke. Koleji yathu ili m'gulu lachitatu la NCAA, lotchedwa Division III, limene simuliona pa wailesi yakanema. M'gulu limeneli mwana sapatsidwa maphunziro aulere chifukwa chodziwa mpira. Amalipira fizi ngati wina aliyense, n'kumadzuka mbandakucha kukathamanga chifukwa chongoukonda mpirawo. Kochi wake si wa masuti aja mumawaona mu Malichi pa mpikisano waukulu wa makoleji. Wathuyu amachapa yekha yunifolomu, amaphunzitsa kalasi ya zolimbitsa thupi Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo magetsi a m'holo amazimitsa yekha.

Ndinene msanga kuti bambo ameneyu ndili naye ngongole. Chisanu changa choyamba kuno, usiku wa mu Januwale, kagalimoto kanga kanatsetsereka pa chipale n'kukagona m'ngalande pakati pa minda ya chimanga. Ndinali ndi jekete logula pa kaunjika ku Limbe, limene ndinkaliyesa lolimba. Zala zinali zitasiya kundimvera pamene kalole kena kanaima, n'kutsikamo bambo wa imvi, woyenda motsimphina. Sanafunse zambiri. Anamanga tcheni, anandikoka, anavula magolovesi ake n'kundiveka, kenako anandilondola kumbuyo mpaka pakhomo. Mawa lake ndi pamene ndinadziwa kuti ndi kochi wa timu yathu. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse pa chikondwerero cha Thanksgiving timadya kwawo, ndipo mayi akunyumba anaphunzitsa akazi awo kuphika nsima, imene a kochi amadya ndi foloko, ife n'kumayang'ana kumbali.

Ndiye inafika sizoni yoipa ija. Pa masewero 25 tinapambana 4. Chaka chapitacho tinali titapambana 7, chinzakecho 9, ndipo sipafunika mphunzitsi wa masamu kuti aone kolowera mzerewo. M'holo munkakhala makolo a osewera, oimba malipenga asanu ndi kagulu ka nkhalamba kodzathawa kuzizira. Mpira ukagunda pansi unkamveka ngati munthu akusinja yekha m'mudzi wosamukidwa.

Amene anatopa koyamba ndi bwana wina wogulitsa magalimoto m'tauni mwathu, wosewera wakale wa timuyi, amene anagula matabwa a pansi pa holo komanso ankalipira basi ya maulendo. Anauza a pulezidenti a koleji kuti asankhe: kochi kapena basi. A pulezidenti, pokhala munthu wochenjera, anapanga komiti ya anthu asanu ndi awiri kuti iwalangize, n'cholinga choti magazi akatuluka adonthere pa malaya a gulu. Munali mkulu wa zamasewera, bwana wa magalimotoyo, loya wina woimira ophunzira akale, mayi a zachuma, abusa a pakoleji, mtsikana woimira ophunzira, ndi katswiri wa basketball wochokera ku Africa.

Kuchotsa kochi si nkhani yachilendo kwa ine. Ndili mnyamata ku Blantyre ndinkakhala ku Biafra, pa Kamuzu Stadium, ndipo timu yanga ikangoluza kawiri motsatizana ndinkakuwa nawo kuti "Kochi achoke!" mpaka mawu kusasa. Sindinkadziwa kuti kochiyo ali ndi ana angati kapena lendi amalipira bwanji. Kukuwa muli chikwi n'kokoma, palibe amadziwa kuti liwu lako ndi liti. Kuno anandipatsa kapepala, cholembera ndi mulu wa zikalata wa masamba 40, umene ndinauika pansi pa kapu ya tiyi.

Woyamba kundiitana anali bwana wa magalimoto. Ananditengera kumalo odyera kumene anandiikira nyama yaikulu ngati nsapato yanga. Iye ankalankhula, ine ndinkatafuna n'kumagwedeza mutu. "Masewera asintha, munthuyu watsalira." Ine, eya. "Ana a masiku ano samumva." Eya. "Mu Malichi tikhale titapeza wina." Eya, eya. Kwathu "eya" amangosonyeza kuti khutu lilipo, munthu apitirize. Koma ine ndinkamunena m'Chingerezi, ndipo bwanayo ankawerenga aliyense ngati voti. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati ndikafuna galimoto ina ndisapite kwina.

Mawa lake chikumbumtima chinandituma kwa a kochi. Ndinawapeza m'kachipinda kochapira, akupinda majezi, bondo lina atamanga bandeji.

"Pulofesa," anatero osandiyang'ana, "ndamva kuti muli mu komiti. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musandimenyere nkhondo. Komiti ichite zimene yakonza. Ndikunenetsa, musavutike nane."

Mtima wanga unasungunuka. Ndinakulira m'nyumba imene mlendo amati "ndakhuta" m'mimba mukulira mabingu, ndipo mwininyumba wodziwa mwambo samvera, amangobweretsa madzi osamba m'manja. Ndinaona kuti bamboyu akukana nsima mwaulemu. Ndinawagwira paphewa n'kunena kuti, "A kochi, musadandaule. Zisiyeni m'manja mwanga." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso amene ine ndinawerengamo kuthokoza.

Pamenepo ndinali nditalonjeza mbali zonse ziwiri m'maola 24. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinaganiza kuti manambala andifunditsa. Usiku umenewo ndinatsitsa pa intaneti ziwerengero za ligi yathu yonse. Sindinauze mayi akunyumba, poti mwamuna amene koleji yonse imamutcha katswiri safunsa mkazi wake za mpira. Pa kuponya molondola tinali omaliza. Pa kutola mpira wobwerera kuchokera pamkombero tinali omaliza. Pa kupatsirana tinali achiwiri kuchokera pansi. Ndinatsika ndi chala ndandanda yense mtima ukugwa, mpaka ndinafika pa mzere wolembedwa TO. Pamenepo, abale, tinali pamwamba. Nambala wani, 19 pa masewero alionse, wotitsatira ali kutali ndi 15.

Ndinafufuza kuti TO ndi chidule cha chiyani, ndinapeza kuti ndi turnover. Liwu limeneli ndinkalidziwa bwino. Ndili pa tchuthi cha ku yunivesite ndinagwirapo ganyu yolemba mabuku m'sitolo ina ya katundu wa pikulitsa, ndipo kumeneko turnover inali ndalama zonse zolowa pa malonda. Ikakwera abwana ankagula Fanta. Sindinawerengenso mzere wachiwiri wa tanthauzolo. Ndinapanga tchati cha mitundu inayi, mzati wa timu yathu wofiira, wautali ngati mwini wake.

Pamsonkhano woyamba ndinadikira kuti onse alankhule. Kenako ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinayatsa pulojekita. Ndinawauza kuti anthu amathamangira kuona zigoli, koma ife a masamu timaona zobisika. Ndinati pali chinthu chimodzi chimene timu yathu imaposa matimu onse mu ligi, zaka zitatu zotsatizana, ndipo chikukwererakwerera chaka ndi chaka, umboni woti kochi akumanga chinachake. Ndinadina batani. Mzati wofiira uja unaima pakhoma.

M'chipindamo munangoti zii. Abusa anayamba kufufuza kanthu m'kapu yawo yopanda kanthu. Loya anavula magalasi n'kuwapukuta. Mtsikana uja, amene chaka chatha ndinam'patsa C m'kalasi langa, anakweza dzanja pang'onopang'ono ngati likulemera.

"Aphunzitsi, turnover ndi pamene wosewera wataya mpira, adani n'kuutenga."

Bwana wa magalimoto anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mayi a zachuma anam'menya kumsana. Atapeza mpweya anapempha kuti tchaticho chilowe m'maminitsi momwe chililimo, poti palibe amene anafotokoza mlandu wa kochi momveka bwino kuposa pulofesa.

Kunyumba ndinaulula. Mayi akunyumba ndi namwino, ndipo ku sekondale ankasewera ntchemberembaye yeniyeni, osati yokweza manja. Anandimvetsera atagwira mthiko, kenako anaseka mpaka kukhala pansi pakhitchini.

"Inu bambo, safunsa anadya phula. Zaka zonsezi mumakhala m'holo muja mumaonera chiyani?"

"Ndimachonga mayeso."

Anasesa tebulo, anaika zitsekerero za mabotolo khumi, zisanu mbali iyi zisanu mbali iyo, n'kundiyamba sukulu. Ntchemberembaye inabadwa kuchokera ku basketball, ndiye iwo sanavutike. Anandiphunzitsa kuti timu ili ndi masekondi 30 okha kuti iponye, kuti wolakwa kasanu amatuluka, kuti masewero a anyamata ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20. Kenako tinaonera kanema wa masewero athu amodzi. Mphindi khumi zisanathe anaimitsa.

"Timu yanuyi ilibe senta. Onani, mpira ukangochoka kumbuyo aliyense akuuthawa ngati mbatata yamoto. Wogawa mpira ali kuti?"

Ndinakafunsa. Wogawa mpira, mnyamata amene a kochi anamuumba zaka ziwiri, anali atasamukira ku koleji ina yaikulupo. Kuyambira mu 2018 NCAA ili ndi kaundula wa pa intaneti amene wosewera amalembetsamo dzina akafuna kusamuka, makochi ena n'kumasankhamo ngati pamsika. Timu yaing'ono ikalera mwana wabwino, imalerera ena. Womulowa m'malo anathyoka chala mu Disembala, ndipo mpira unatsala m'manja mwa kamnyamata ka chaka choyamba kamene kankanjenjemera kakaona anthu awiri akukathamangira. Zimene mkazi wanga anaona m'mphindi khumi, komiti ya anthu asanu ndi awiri sinazitchule m'maola awiri.

Manyazi amabala ukali. Ndinalumbira kuti pamsonkhano wachiwiri ndikabweza ulemu wanga ndi kupulumutsa mnzanga nthawi imodzi. Sabata ziwiri ndinawerenga mbiri ya makochi usiku ndi usana. Zikalata za komiti zija zinali zikadali pansi pa kapu ya tiyi.

Tsikulo mayi a zachuma ndiwo anayamba, ndipo anandidabwitsa. Anati kwa iwo kochi amapambana mu Ogasiti, osati mu Febuluwale. Anyamata 18 amene amawakopa kuti adzavale yunifolomu yathu ndi anthu 18 olipira fizi, amene popanda mpira akanapita kwina, ndipo pafupifupi onse amamaliza digiri. Koleji yaing'ono imapuma ndi mitu ya ophunzira. Anakumbutsanso kuti Indiana University itachotsa Archie Miller mu Malichi 2021 inafunika madola oposa 10 miliyoni omulipira, ndalama zimene anapereka anthu olemera okonda timuyo. "Ife si a mamiliyoni," anatero, "koma onani tsamba 4." Onse anatsegula tsamba 4. Ine ndinali kalikiliki kusanja makadi anga a zokamba.

Nthawi yanga itakwana ndinayamba ndi Duke. Ndinati mu 1980 yunivesiteyo inalemba kochi wachinyamata amene m'zaka zitatu zoyamba anapambana 38 n'kuluza 47, ndipo mu 1983 Virginia inam'kwapula 109 kwa 66. Olemera a kumeneko ankafuna mutu wake, koma mkulu wa zamasewera, Tom Butters, anam'wonjezera kontirakiti. Munthuyo anadzapuma mu 2022 ali ndi zikho zisanu za dziko lonse, atapambana masewero 1,202. Dzina lake ndinali nditangoliwerenga, ndisanalimvepo. Limalembedwa Krzyzewski. Ndinalitchula monga Mchewa aliyense woona mtima angalitchulire: Kirizizewusiki. Mtsikana uja, mwachifundo, ananong'ona kuti amati Shashefusiki. Ndinapitirira ngati sindinamve.

Ndinawapatsa Dean Smith wa North Carolina, amene mu Januwale 1965, timu itabwera koluza ku Wake Forest, anapeza ophunzira atapachika chidole cha chifaniziro chake pamtengo, wosewera wake Billy Cunningham n'kutsika basi kukachigwetsa. Smith yemweyo anadzapambana masewero 879. Ndinawapatsa John Wooden, amene anafika ku UCLA mu 1948 koma chikho choyamba anatenga mu 1964, kenako n'kutenga khumi m'zaka khumi ndi ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinatero, ndipo ndinataya mphindi zitatu kufotokozera azungu asanu ndi mmodzi za maso a nkhono.

Loya sanagwedezeke. Anati North Carolina yomweyo, Matt Doherty atapambana 8 n'kuluza 20, sinadikire maso a nkhono. Mu 2003 anachoka, kunabwera Roy Williams, mu 2005 chikho chili m'kabati. Kentucky inachotsa Billy Gillispie mu 2009 atangotha zaka ziwiri, inatenga John Calipari, mu 2012 chikho. Anawonjezera kuti onse amene ndawatchula anali anyamata oyamba kumene, pamene wathuyu watha zaka 19.

Apa ndiulule tchimo lenileni, loposa la tchati lija. Loyayo ankanena zoona, ndipo ine ndinkadziwa zoposa pamenepo. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa ana a chaka choyamba kuti asamawerenge opulumuka okha. Timadziwa dzina la Krzyzewski chifukwa kudekha kunabala zipatso. Makochi ambirimbiri amene anapatsidwa chaka chachinayi n'kuluzabe palibe amawalembera mabuku. Zimenezo sindinanene. Ndinanena mbali inayo, yomwenso ndi yoona: kuti timu ikagwa pansi penipeni, chaka chotsatira kawirikawiri imakwerako pang'ono kaya kochi ndi yemweyo kaya ndi wina, chifukwa tsoka la zala zothyoka silibwera lonse chaka chilichonse, ndipo kochi watsopano amangokolola ulemu wa mvula imene ikanagwa kale. Masamu ndinawagwiritsa ntchito ngati mboni yogula, yonena theka lokomera woiitana.

Khadi langa lomaliza linali James Naismith. Ndinati munthu amene anayambitsa masewerawa mu Disembala 1891 ku Springfield, Massachusetts, ndi madengu awiri a mapichesi ndi mpira wamiyendo, atakhala kochi wa Kansas anapambana 55 n'kuluza 60. Ndinafunsa mokweza kuti, "Kodi mukanamuchotsa ntchito mwini wake wa masewera?"

"Mawa lomwe," anatero bwana wa magalimoto. "Ndipo amene anamulowa m'malo ndi Phog Allen, holo ya ku Kansas ili ndi dzina lake."

Nditaona kuti mbiri yandithera, ndinataya makadi n'kusimba za usiku wa m'ngalande uja. Ndinasimba za tcheni, za magolovesi, za nyali za kalole zikundilondola m'chipale mpaka pakhomo. Ndinati kwathu munthu amene anakutola panjira sumuponya panjira. Ndili mkati molankhula, mkulu wa zamasewera anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinayesa miyendo yanga yaitali yam'lowerera, ndinapepesa n'kuikoka. Anandipondanso, mwamphamvu. Ndinapepesanso. Mawu anga anayamba kunjenjemera, abusa anatulutsa kampango, mtsikana uja maso anali atafiira. Sindinalankhulepo bwino chonchija m'moyo mwanga, ngakhale pa chinkhoswe changa.

Mavoti anatuluka 4 kwa 3. Kochi akhale.

Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga mbale ya mandasi amene mayi anakazinga m'mawa, n'kulunjika kwa a kochi ndikuimba mluzu. Akazi awo ndiwo anatsegula. Pabalaza panali makatoni, ena omata kale, olembedwa kuti khitchini, mabuku, zithunzi. Pakhoma panatsala misomali yokha. Mtima unandipweteka poganiza kuti anthu osaukawa anali atataya kale chiyembekezo, ndipo ndinasangalala kuti ndine wobweretsa uthenga wabwino.

"A kochi, masulani makatoni! Simukupita kulikonse. Tawina, 4 kwa 3!"

Mayiwo anakhala pansi pa katoni yolembedwa zithunzi, ndipo ndinamva galasi likusweka mkati. A kochi anazimitsa wailesi yakanema. Anandiyang'ana ndi maso omwe aja a m'chipinda chochapira, ndipo ulendo uno ndinayamba kukayika ngati munalidi kuthokoza.

"Pulofesa, ndinakupemphani chiyani?"

"Munati ndisakumenyereni nkhondo."

"Ndiye?"

"Ndinkayesa ndi ulemu chabe."

"Tsamba 4 munawerenga?"

Tsamba 4 linali kontirakiti yawo. Inatsala ndi chaka chimodzi. Koleji ikawachotsa, iwalipira malipiro a chaka chonsecho ali pakhomo. Akasiya okha, sapatsidwa kanthu. Bamboyu mawondo onse awiri ankafunika opaleshoni, mwana wawo wamkazi ali ku Arizona ndi zidzukulu zitatu kumene chipale sichigwa m'chigwa, ndipo mpira unali utawatopetsa kalekale. Anali atagwirizana mwakachetechete ndi mkulu wa zamasewera: komiti ilangize, a pulezidenti asaine ndi nkhope yachisoni, pakhale kaphwando kotsanzikana, munthu azipita ndi ulemu wake ndi ndalama zake. Mavoti anali atawerengedwa kale. A zamasewera, loya, bwana wa magalimoto, ndi pulofesa wamtali uja amene ananena "eya" kakhumi pa nyama ya ng'ombe. Gule yense anali wokonzakonza, aliyense akudziwa sitepe yake. Ine ndekha ndinalowa m'bwalo ndi ng'oma yanga.

Mandasi ndinawasiya pa katoni ya khitchini. Palibe anawakhudza.

Lolemba ndinapeza khadi pa desiki langa, lochokera kwa mayi a zachuma. Anandithokoza chifukwa cha mawu ogwira mtima. Iwo tsamba 4 analiwerenga bwino lomwe, ndipo ndinawapulumutsira malipiro a makochi awiri m'chaka chimodzi.

Bwana wa magalimoto anasunga lonjezo lake: basi inapita. Tikakumana pamsewu amayang'ana mitengo. Timu tsopano imayenda pa maminibasi awiri a koleji, ndipo malamulo amati woyendetsa akhale wogwira ntchito pakoleji. Yoyamba amayendetsa wothandizira a kochi. Ya chiwiri inasowa munthu, mpaka a kochi anapita okha kwa a pulezidenti n'kunena kuti akudziwa mphunzitsi wina wokonda timuyi kuposa aliyense. Mayi anga anagulitsa mbatata za kachewere pa Tsangano zaka zambiri kuti mwana wawo aphunzire asadzakhale pa mzere wa maminibasi. Lero ndili ndi digiri zitatu, ndipo Lachitatu ndi Loweruka lililonse ndimanyamula anyamata asanu ndi anayi ndi matumba a masokosi onunkha kudutsa minda ya chimanga ya Indiana ndi Ohio.

Tikafika, a kochi amandipatsa buku ndi pensulo n'kundikhazika kumapeto kwa benchi. Ntchito yanga ndi imodzi: kulemba turnover iliyonse. Mnyamata akataya mpira, a kochi sakalipira mnyamatayo. Amatembenuka pang'onopang'ono, bondo likulira, n'kundiyang'ana ine mpaka nditalemba.

Pa Thanksgiving anatiitanabe, poti ndi anthu abwino. Tinadyera pa mbale za mapepala chifukwa mayiwo anakana kumasula makatoni kachiwiri. Mayi akunyumba anakhala pafupi ndi a kochi, n'kumajambulirana za wogawa mpira pa kapepala kopukutira m'manja, ndipo ndikuona kuti zina mwa zimenezo zalowa m'bwalo. Pamene ndikulemba pano tasewera 17, tapambana 5, kuposa kale chaka chatha. Ndinayesa kuwakumbutsa a kochi kuti masamu anga ananeneratu za kukwera kumeneku. Anandiuza kuti minibasi ikufunika mafuta.

Kontirakiti yawo ikutha mu Juni, ndipo nyumba ya ku Arizona imene ankaifuna inagulidwa ndi ena. Abale anga a ku South Bend, nkhaniyi ndikudziwa kuti inakufikani kale, yokometsera. Tikakumana pa chikondwerero cha 6 Julaye, ndifunseni za ana, za mitengo ya ufa, ngakhale za ndale za kumudzi. Koma amene adzandiponyere mpira kuti ndionetse "pang'ono" wanga uja, adziwe kuti ndidzautaya, ndipo ndidzalemba m'buku.